Supuni Yoyamba ya Chambiko cha a Netrapal

Iii, abale, mtima wanga ukungothamanga, mundikhululukire ndikamadumpha mawu! Nkhaniyi ndi ya bambo ake a Gunjan, mnzanga amene timakhala desiki imodzi, ndipo ndinaimva yonse pamene mayi ake ankaikamba kwa amayi anga, ine ndikunamizira kusankha mpunga pakhomo.

Bambowo, a Netrapal, anali osauka, osauka zenizeni. Kuno ku Farrukhabad mbatatesi zili mbwee, koma si onse amene zimawalemeretsa. Iwo anali ndi chikuku chogwedera pafupi ndi pokwerera basi, chiwaya chimodzi chakuda bii, ndi mchenga wowotcheramo. Ankakwirira mbatatesi mumchenga wotenthawo, kumazitembenuza, kuzipukuta ndi chiguduli, n'kuzing'amba pakati nthunzi ili tolotolo. Kuwotcha ankatha ndithu. Vuto linali chosunsira. Chambiko chawo cha shuga ndi bwemba chinkakhala chamadzimadzi, chifukwa mkaka umene ankakwanitsa kugula unali wosungunulidwa kale ndi madzi.

Tsidya lina la msewu kunali a Chhotelal, ogulitsa zomwezo. Chambiko chawo chinkaima pasupuni, ndipo anthu ankachita kufola.

"Netrapal, m'bale wanga!" ankakuwa a Chhotelal. "Chimenecho ndi chambiko kapena madzi otsukira mphika? Taona, ntchentche nazo zikuwoloka msewu kubwera kuno!"

Anthu n'kuseka. A Netrapal nawo ankaseka, koma mano okha. Tsiku limene a Chhotelal anabwera pa njinga yamoto yatsopano atakweza ana awo kumbuyo, a Netrapal anazimitsa moto dzuwa lili paliwombo, napita kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo mbatatesi, kumene amataya zowola. Kumeneko kunkakhala sing'anga wodzola phulusa thupi lonse, amene anthu ankangomutchula kuti Baba.

"Wabwera ndi fungo la utsi, m'thumba muli mphepo," anatero Baba asanapatsidwe n'komwe moni. "Ukufuna chiyani, wowotcha mbatatesi?"

"Baba, ndikufuna anthu aziima pachikuku changa."

"Aziima chabe, kapena azikankhana?"

"Azikankhana, Baba."

Baba anatulutsa kamphika kadothi. Pansi pake panali kachambiko pang'ono, koyera mbee, ndipo ngakhale ntchentche zinali ng'waa pamalopo, palibe imodzi imene inkaterapo. Paja chambiko chimabala chambiko: umasungako cha dzulo, kuthira mumkaka wofunda, kufunditsa, m'mawa chagwira.

"Mbewu yako ndi iyi," anatero Baba. "Usagawireko munthu. Ndipo m'mawa uliwonse, supuni yoyamba ya pamwamba si yogulitsa. Uzidyetsa chamoyo."

"Chamoyo chanji, Baba?"

"Chopuma. Yamba ndi akhwangwala."

"Nanga chikadya chizitani?"

Baba anamwetulira. "Iwe ukadya mbatatesi, mbatatesiyo imatani?"

A Netrapal anali atakagwira kale kamphikako ndi manja awiri.

"Ndikulipirani bwanji?"

"Ine? Ine sindidya. Mphikawo umadzitengera wokha. Ukadzaona chambiko sichinagwire, udzadziwe kuti mphikawo sukukhuta."

Ndikuuzeni, m'mawa mwake chambiko chinagwira choti ungachicheke ndi mpeni! A Netrapal anataya supuni yoyamba pakhoma, khwangwala anatera n'kudya, iwo n'kukankha chikuku ulendo. Woyamba kugula anali woyendetsa basi. Anasunsa mbatatesi yotentha, kuika m'kamwa, n'kutseka maso. Anaitanitsa ina, kenako ina, anthu m'basi akumuimbira hutala. Pofika masana anthu ankapondana, ena kunyambita masamba odyerapo. Ine ndinadyako, sindibisa. Chinali chozizira bwino, chotsekemera mpaka m'makutu, ndipo ukamaliza unkamva ngati wina wakulanda.

Pasanapite nthawi chikuku chinasanduka sitolo ya zitseko zagalasi. Njinga yamoto inabwera, yoposa ya a Chhotelal. Mayi ake a Gunjan, a Rajbeti, anavala zibangili zagolide. Tsidya lija kunangoti zii.

Koma pakhoma la kunyumba ankapezapo akhwangwala akufa, opepuka ngati makoko opserera. A Netrapal ankawasesa mwamsanga anthu asanaone.

Tsiku lina chambiko chinadzuka chili madzi okhaokha. A Netrapal anapatsa galu wa mumsewu supuni ya tsiku lotsatira, ndipo chinagwiranso. Agalu a mumsewu wathu anayamba kuchepa. Tinkawaona atagona m'ngalande, zikopa zitakwinyika, maso atalowa. Kenako inafa mbuzi ya wosoka zovala. Mphika uja a Netrapal anausamutsira m'kachipinda kosungiramo katundu, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Mayi Shakuntala, oyandikana nawo nyumba, anabwera tsiku lina ndi kambale. "Mlamu, tandigawireniko mbewu, yanga yasasa."

"Palibe," anatero a Netrapal.

"Palibe? Kwa ogulitsa chambiko?"

"Ndati palibe!"

Mayi Shakuntala anangotembenuka, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Mbewu ya chambiko samana munthu, ngakhale mdani wako. A Rajbeti analira ndi manyazi.

"Bambo a Gunjan, mwandichititsa manyazi otani? Ndidzagogoda pakhomo pa ndani ine? M'kachipinda umo mwabisamo chiyani, mkazi wachiwiri?"

"Zibangili zikukulemerani? Musadzakhudze chitseko chimenecho."

Tsono mumsewu wathu munali ng'ombe yoyera, yokalamba, imene mabanja onse ankaipatsa mkate woyamba wa m'mawa, ana n'kumaigwira pamphumi popita kusukulu. Chambiko chitakananso kugwira, a Netrapal anapaka supuni ija pamkate. Ng'ombe inabwera yokha, mowakhulupirira, n'kuwanyambita chikhatho. Inafa ili mafupa okhaokha. Anthu anaiveka maluwa akulira, ndipo a Netrapal anapereka nsalu yokulungira. Kuyambira pamenepo ankati akadutsa pa kachipinda kaja amamva kanthu kakuti tcho, tcho, ngati munthu akunyambita milomo.

Ndiye chambiko chinakananso kugwira. A Netrapal anathamangira kwa Baba.

"Baba, ndapha mayi wathu ng'ombe! Kwatsalanso chiyani?"

"Mphika wakula," anatero Baba akudzikanda phulusa. "Zamiyendo inayi zaukwana. Tsopano mphikawo ukufuna chodziwa kunena zikomo."

"Munthu? Ayi, Baba. Ayi. Ndiubweza."

"Bweza. Chikuku chako chija chilipo? Chhotelal akusowa womuseka." Baba anawayang'anitsitsa. "Mawa chigwira ngati mwala. Supuni ya mawa ndi ya munthu. Kusankha ndi kwako, mphikawo susankha."

A Netrapal sanaubweze. Anakumbukira za nkhalamba ina yopemphetsa pokwerera basi, yopanda m'bale, ndipo anadziuza kuti nkhalambayo yatsala pang'ono kale. M'mawa anatsegula kachipinda, kuona chambiko chagwiradi, chili phuliphuli. Anatuluka kukaitana nkhalamba ija kuti idzadye kunyumba. Mutu unali utasokonezeka, moti kiyi anamusiya pachitseko.

Abale, limenelo linali tsiku loyamba la mayeso athu!

Mwana sapita kumayeso asanadyetsedwe supuni ya chambiko cha shuga ndi dzanja la mayi ake. Ine amayi anandidyetsa pakhomo, ndikumanga nsapato. Koma cha a Rajbeti, chimene ankapanga okha cha pakhomo, sichinagwire chifukwa cha chisanu, ndipo kwa mayi Shakuntala sakanapita, kwa wina aliyense mumsewu sakanapita. Gunjan anali atanyamula kale zolembera.

"Amayi, zisiyeni, ndichedwa!"

"Ukhale chete! Upite kumayeso m'kamwa muli gwa, ngati wamasiye?"

Apo a Rajbeti n'kuona kiyi ali lendelende pachitseko. Analowa, kuvundukula mphika, n'kutapa pamwamba penipeni, pokoma, monga mayi aliyense angachitire.

A Netrapal anafika ndi nkhalamba ija n'kupeza Gunjan akupukuta pakamwa.

"Papa, n'chifukwa chake anthu amamenyanirana eti! Ndipo inu kumatimana!" Anawagwira mapazi kuti amudalitse, n'kuthamanga.

Akuti a Netrapal anangoti khwaa pansi, kukamwa kuli yasa.

Zotsatirazi ndinaziona ndekha. Tili pakati polemba, cholembera cha Gunjan chinagwa. Ananditembenukira, milomo itauma, n'kunong'ona kuti, "M'kamwa mwanga muli mchenga." Nditamugwira mkono ndinachotsa dzanja msanga, unali wotentha ngati chiwaya. Kuchipatala anamuyeza paliponse osapeza kanthu. Chilichonse chimene ankaika m'kamwa ankalavula, ati mchenga. Nditapita kukamuona sindinamuzindikire. Masaya anali atalowa, khungu litakwinyika, ndipo m'chipindamo munkamveka fungo la chinthu chowotcha. Ndinathawa, ndinakasanzira panja.

A Netrapal anaulula zonse kwa akazi awo. A Rajbeti anavula zibangili n'kuwagenda nazo kumaso.

"Mwamupha ndi dzanja langa! Ndi dzanja langa ili, ine ndikumudalitsa!"

A Netrapal anapitanso kwa Baba, osavala nsapato.

"Wasankha bwino," anatero Baba. "Wamagazi ako amakhutitsa zaka. Ukhala ndi masitolo mpaka ku Kanpur. Mwana ubereka wina."

"Baba, tengani sitolo, tengani njinga, tengani nyumba!"

"Mphika sudya njerwa."

"Palibe njira? Ndagwira mapazi anu!"

Apo Baba anawauza njira yake.

"Mwini wake akadya chonse, n'kunyambita mbewu osasiyako, mphikawo umasiya mwana n'kugwira iye."

"Ndifa?"

"Akufa amapumula," anatero Baba.

Tsiku limenelo sitolo inali isanatsegulidwe chidwalireni Gunjan, ndipo anthu anali ataunjikana panja akumenya magalasi. Ataona a Netrapal akubwera atafukata mphika, anayamba kukuwa, ena kuwakoka malaya, wina kunena kuti agula mphika wonse pamtengo uliwonse. A Netrapal anaima. Anayang'ana sitolo yawo, dzina lawo lolembedwa pamwamba ndi utoto wofiira. Amene analipo akuti anaima nthawi yaitali moti ankayesa kuti atsegula.

Kenako anakhala pansi pafumbi n'kupisa dzanja. Anadya ndi manja onse awiri, misozi ikugwera momwemo. Ankatsamwa, kupuma, kupisanso. Akuti chambikocho chinkakakamira kumphika ngati chikukana. Anakokota ndi zala, kulowetsa lilime, mpaka mphika unalira kuti thee, n'kugawika pakati. Anthu aja anangoti phee. Anayang'anana ngati odzidzimuka kutulo, ena kulavula, n'kumabalalika mmodzimmodzi.

A Netrapal anayamba kuseka. Mpaka pano nzeru zawo sizinabwerere. Sitolo inagulitsidwa, njinga inapita, Baba sanaonekenso kuseri kuja. Iwo amakhala m'mbali mwa msewu, akukwirira miyala mumchenga wozizira, kuitembenuza bwinobwino, kuipukuta ndi malaya. Chakudya chimene a Rajbeti amawapititsira amachilavula, kupatula pang'ono pongoti asafe.

Koma tamverani tsono, tamverani! Lero Gunjan wabwera kusukulu! Wabwera ndi miyendo yake, woonda ngati bango, koma ndi iyeyo! Kalasi yonse inakuwa, aphunzitsi analephera kutiletsa, iwonso amapukuta maso. Mayeso adzalemba chaka chamawa. Pa nthawi yopuma anatsomphola mbatatesi yanga osapempha, ine mtima uli m'mwamba, n'kutafuna, n'kukwinya nkhope.

"Amayi ako achulutsa mchere," anatero.

Ndinamukumbatira mpaka tinagwa tonse! Akumva kukoma, abale, akumva!

Poweruka anandipempha kuti tidzere pokwerera basi. Tinawapeza bambo ake ali pamchenga wawo. Gunjan anagwada n'kuwagwira mapazi.

"Papa, ndachira. Ndine Gunjan."

Anamuyang'ana mwachifundo, n'kusankha mwala wosalala, kuuuzira ngati ukuwotcha, n'kumuika m'manja.

"Tenga, mwana wa eni, usalipire. Koma chosunsira usandipemphe. Chosunsira ndinamaliza ndekha."

Gunjan anati zikomo. Sanalire mpaka titakhota.

Ndiye inu amene mumayang'ana tsidya la msewu mtima ukuwawa, mverani ine ngakhale ndili mwana. Chuma cha mankhwala chili ndi pakamwa. Chimayamba ndi za kutali zimene simungazilire, koma njira yake imathera pakhomo panu, ndipo chimalowa ndi dzanja la amene amakukondani. Kuli bwino kusekedwa ndi chambiko chamadzi ana ako akukudziwa, kusiyana ndi kukhuta zokoma n'kuiwala nkhope ya mwana wako.