Tsitsi la Tinyade ndi Madzi a Therere

Tinyade anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Mbungo, pachilumba cha Likoma. Anali ndi tsitsi lambiri. Linali lakuda bii. Linali lopotanapotana. Tinyade ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti tsitsi lakelo lisametedwe.

Loweruka lililonse amayi ake ankamutsuka m'mutu. Ankamuthira madzi ena ake oterera. Kenako ankamupesa pang'onopang'ono. Chipeso chinkangoyenda chokha. Sichinkapweteka ayi.

Koma amayi anadwala. Anadwala kwambiri. Adokotala anati apite kuchipatala chachikulu, kutsidya kwa nyanja. Amayi anakwera sitima. Tinyade anatsala ndi bambo ake, a Basil. A Basil anali msodzi.

Sabata inatha. Amayi osabwera.

Sabata ina inatha. Amayi osabwera.

Mwezi unatha. Amayi osabwerabe.

Panyumba panali zii. Bambo sankayankhula zambiri. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango. Ankangosoka ukonde wawo. Tinyade ankawasowa amayi ake. Ankawasowa m'mawa. Ankawasowa masana. Ankawasowa kwambiri Loweruka.

Nanga tsitsi lija? Kalanga ine! Dzuwa linaliwamba. Mchenga unalowamo. Linauma gwa. Linatuwa mbuu. Linamangana mfundo zokhazokha.

Tinyade anatenga chipeso. Anakoka. "Mayo!" analira. Anakokanso. Chipeso chinathyoka mano awiri.

Lachisanu kusukulu aphunzitsi anamuitana.

"Tinyade, mutu wako sukuoneka bwino," anatero aphunzitsi. "Lolemba ubwere utapesa. Likakana kupeseka, akumete."

Akumete! Tinyade ankaopa kumeta. Ankaopa zedi. Chaka chatha amalume ake a Davis anamwalira. Maliro atatha, abale ambiri anameta. Amayi anameta. Azakhali anameta. Ana a amalumewo anameta mpala. Tinyade anaona ndi maso ake. Ndiye mumtima mwake ankati, "Munthu amameta wina akamwalira."

Poweruka anayenda ndi mnzake Frances. Tinyade ankangoyang'ana pansi.

"Usadandaule, iwe," anatero Frances. "Achemwali anga amapaka dzira. Tsitsi limafewa."

"Dzira lenileni?" anafunsa Tinyade.

"Eya, dzira la nkhuku. Umapaka, kenako umatsuka."

Tinyade anafika kunyumba. Bambo kunalibe. Analowa m'khitchini. M'kadengu munali dzira limodzi. Analiswa pamutu, phwa! Anapaka. Anapakanso. Dzira linamata. Dzira linanunkha.

Pamoto panali poto wa madzi. Madziwo anali otentha ndithu. Tinyade anaganiza kuti madzi otentha amatsuka bwino. Anawathira m'beseni. Anaviika tsitsi lake. Koma abale! Frances sananene za madzi ozizira. Dzira lija linapsa m'mutu momwemo. Linasanduka tizidutswa toyera. Tizidutswato tinakakamira m'mfundo monse.

Tinyade anatsuka. Osachoka. Anatsukanso. Osachoka. Ntchentche zinayamba kumuzungulira. Anakhala pakhonde n'kumalira.

Bambo anabwera atatopa. Anaima. Anamuyang'ana m'mutu.

"Koma mwana iwe!" anatero. "Waphika dzira pamutu?"

Tinyade anaweramitsa mutu.

"Aphunzitsi ako ndakumana nawo panjira," anatero bambo. "Andiuza zonse. Ine za tsitsi sindizidziwa, mwanangu. Basi, mawa ndikumeta."

Tsiku limenelo Tinyade sanadye. Ankangoganiza. Bambo sakuyankhula. Bambo sakuseka. Amayi sakubwera. Ndipo tsopano bambo akufuna kumumeta.

Loweruka m'mawa bambo anatulutsa kampando. Anatulutsa sopo. Anatulutsa lumo latsopano.

"Tabwera ukhale apa," anatero.

Tinyade anabwera. Anakhala. Bambo anatenga lumo. Tinyade anagwira mutu wake ndi manja onse awiri.

"Chotsa manja, mwanangu. Sizipweteka."

"Ayi, ababa."

"Tsitsi limameranso."

"Ayi, ababa."

"Nanga vuto n'chiyani?"

Tinyade anawayang'ana. Misozi inali mbwembwembwe.

"Ababa, mundiuze zoona," anatero. "Amayi amwalira?"

Lumo linagwa pansi. Bambo anamuyang'ana.

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe. Koma mukufuna kundimeta. Amalume atamwalira anthu anameta."

Bambo anagwada pamchenga. Anamukumbatira mwana wawo. Nawonso maso anafiira.

"Ayi, mwanangu, ayi. Amayi ako ali moyo. Kumeta kwina n'kwa maliro. Kumeta kwina n'kumeta chabe."

Anapisa dzanja m'thumba la malaya. Anatulutsa kalata yopindapinda. Inabwera pa sitima ya sabata yatha. Bambo anawerenga pang'onopang'ono.

"Ndikupezako bwino. Ndayamba kumwa phala. Ndayamba kuyenda pang'ono. Mumupatse moni Tinyade wanga."

"Werenganinso," anatero Tinyade.

Bambo anawerenganso.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinalakwa, mwanangu. Kalatayi sikunena tsiku lobwera. Ndimaopa kuti undifunsa. Ine ndilibe yankho."

Tinyade anapukuta misozi. Mtima unakhalako pansi. Koma manja anali adakali pamutu.

"Ababa, musandimetebe. Ndikufuna amayi adzalipeze."

Bambo anatola lumo lija. Analibwezera m'kapepala kake.

"Chabwino," anatero. "Koma Lolemba lili pafupi. Amayi ako amakuthira chiyani?"

"Madzi oterera."

"Sopo?"

"Ayi. Alibe thovu."

"Mafuta?"

"Ayi. Ndi madzi, koma oterera."

Bambo anakanda mutu. Anaganiza. Anaganizanso.

"Tiyeni tiphike kaye ndiwo," anatero. "Dzulo sunadye."

M'khitchini munali therere lobala. Bambo ankadula. Tinyade ankatola n'kumaika m'poto. Zala zake zinayamba kuterera. Anazipekesa. Zinatereranso. Ananunkhiza.

"Ababa!" anakuwa. "Ndi limeneli! Fungo lake ndi limeneli!"

"Therere?" anadabwa bambo. "Ndiwo zimenezi?"

"Eya! Madzi a amayi amanunkha chonchi!"

Bambo anatereka poto pamoto. Anatenga mchere. Anatenga tomato. Anatenga soda. Nthawi yomweyo mayi Enelesi ankadutsa ndi ndowa pamutu. Mayi Enelesi ankakhala nyumba yoyandikana nayo.

"Odi, bambo a Tinyade! Lero ndi therere?"

"Si lodya ayi," anayankha bambo. "N'la m'mutu mwa mwanayu."

Mayi Enelesi anatula ndowa. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndiye tomato n'ngwachiyani? Soda n'ngwachiyani? Mukufuna kumudya mwanayu? Madzi ndi therere basi! Likapsa musefe pakansalu. Ndipo azizire kaye."

"Eya, azizire kaye," anatero Tinyade msangamsanga.

Therere linawira. Bambo anasefa pakansalu koyera. Madzi anatuluka onanda, oterera. Anadikira. Anadikirabe. Madzi anazizira.

Tinyade anakhalanso pakampando paja. Bambo anamutsuka ndi sopo. Kenako anathira madzi a therere. Anathira mpaka tsitsi lonse linanyowa. Anatenga chipeso. Anachibaya pakati pa mutu. Anakoka.

"Mayo! Ababa, zikupweteka!"

Bambo anasiya. Anaweramira pamutu pa mwanayo. Anayang'anitsitsa mfundo zija.

"Aaa," anatero. "Uwu ndi ukonde basi."

Anaika chipeso pansi.

"Ukonde ukamangana sitikoka. Ukakoka umang'ambika. Timayambira kunsonga. Timamasula ndi zala."

Zala za bambo zinali zazikulu. Zinali zokhakhala. Koma mfundo zinkazidziwa bwino. Anagwira katsitsi kochepa. Anayambira kunsonga. Mfundo inaterera. Mfundo inamasuka.

"Imodzi," anawerenga Tinyade.

Anagwira katsitsi kena. Anayambira kunsonga. Mfundo inamasuka.

"Ziwiri."

Tizidutswa ta dzira tinkagwa. Mchenga unkagwa. Tinyade anawerenga mpaka makumi atatu. Kenako anatopa kuwerenga. Khosi linawawa. Msana wa bambo unawawa. Njala inawapweteka onse awiri. Ndiwo zija zinali zitathera m'mutu. Koma bambo sanasiye.

Pomaliza anatsukuluza ndi madzi ozizira. Anadontheza mafuta ophikira m'manja. Madontho atatu okha. Anapaka. Anatenganso chipeso. Chipeso chinalowa. Chipeso chinatuluka. Tinyade sanalire.

Lolemba aphunzitsi anamuyang'ana m'mutu.

"Wakupesa ndani, Tinyade?"

"Ababa."

"A Basil asodzi aja?" Aphunzitsi anamwetulira. "Ukawauze kuti akhoza."

Koma amayi anali asanabwere. Loweruka lina linafika. Bambo anaphika therere. Anamasula mfundo. Amayi osabwera. Loweruka linanso linafika. Bambo anaphika therere. Anamasula mfundo. Amayi osabwera. Masiku ena Tinyade ankalirabe. Akalira, bambo ankatulutsa kalata. Ankawerenga limodzi.

Ndiye tsiku lina uthenga unafika. Amayi ali pa sitima! Tinyade ndi bambo anayenda wapansi mpaka ku Chipyela, kumene sitima imaima. Anthu anali ambiri. Katundu anali wambiri. Tinyade anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

Anaona mayi wina woonda. Ankayenda pang'onopang'ono. Anamanga mpango kumutu.

"Amayi!"

Tinyade anathamanga. Anawakumbatira m'chiuno. Amayi anali ataonda kwambiri. Tinyade anamva chisoni. Koma anali amayi ake, amoyo.

Amayi anamusisita kumutu. Anaima. Anasisitanso.

"Tsitsi lofewa chonchi? Wakusamalira ndani?"

Tinyade analoza bambo. Bambo anayang'ana kumbali mwamanyazi.

Kunyumba amayi anakhala pamphasa. Kunja kunkatentha. Thukuta linkayenderera pamphumi pawo.

"Amayi, vulani mpango," anatero Tinyade.

"Ayi, mwanangu. Ndikuchita manyazi."

"Ndife tokha, amayi."

Amayi anamasula mpango. Aaa! Tsitsi lawo linali louma gwa. Linali lomangana paliponse.

"Ndagona miyezi iwiri," anatero amayi motsitsa mawu. "Manja analibe mphamvu. Laonongeka ili. Bambo a Tinyade, mungondimeta."

"Ayi!" anatero Tinyade.

"Ayi," anateronso bambo. Anali atalowa kale m'khitchini. Mpeni unkamveka ukudula therere.

Madzi atazizira, Tinyade anabwera ndi beseni. Anaima kumbuyo kwa amayi ake. Bambo anagwada pambali. Tinyade anathira madzi pang'onopang'ono.

"Musaope, amayi," anatero. "Sitikoka ife. Timayambira kunsonga."

Amayi anatsinzina. Misozi inatsika, koma ankamwetulira. Tinyade anagwira katsitsi kochepa. Bambo anagwira kena.

"Zikupweteka, amayi?"

"Ayi, mwanangu," anatero amayi. "Pitirizani."