Mng'alu wa Kuseri kwa Kabati

Kanyerere ndi mayi ake anakankha kabati mpaka inabisa mng'alu wa pakhoma.

"Injiniya akabwera, iwe pakamwa tseke," anatero mayi ake. "Akauona mng'aluwu atithamangitsa. Ndiye tilowera kuti?"

Mtsikanayu ankakhala ndi mayi ake ndi kamlongo kake pansanjika ya khumi ndi chiwiri, m'nyumba yaitali ya pakati pa mzinda. Kale anthu ankaisirira nyumbayi. Tsopano chikepe chinafa, mipopi inauma, ndipo makwerero ankanunkha zinyalala. Dzina loti Kanyerere anamupatsa ndi anzake chifukwa chokwera ndi zigubu zamadzi tsiku ndi tsiku.

Akuluakulu a mzinda ankafuna kudziwa ngati nyumbayi ikonzedwe kapena igwetsedwe, ndipo apampando a komiti ya anthu okhalamo anali atayenda khomo ndi khomo kuuza aliyense kuti abise zoonongeka.

Koma Kanyerere mtima sunali m'malo. Chaka chatha mumng'alumo munkangolowa chikhadabo. Tsopano munkalowa zala zitatu, ndipo kamlongo kake kankagona pansi pake penipeni.

Injiniya anafika masana. Anali mayi wa chipewa cholimba, ndipo ankapuma mwawefuwefu. Anayang'ana kudenga, anagogoda makoma, n'kulemba m'kabuku kake.

"Muno muli bwinobwino, eti mayi?"

"Mulibe vuto," anayankha mayi a Kanyerere, maso ali pansi.

Injiniya atafika pakhomo kuti azituluka, Kanyerere anamutsatira.

"Pepani," anatero motsitsa mawu. "Taonani kuseri kwa kabatiyo."

Mayi ake anamuyang'ana ndi diso loti tionana. Pakhonde panali pataima apampando ndi anthu ena.

Injiniya anagwada n'kuunika mumng'alumo ndi tochi kwa nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo.

"Apa padutsa mzati, ndipo madzi akudya zitsulo zake. Lero lomwe musamukire m'zipinda za pansi zomwe mulibe anthu. Mzatiwu ungathe kukonzeka, koma sindikulonjeza za nyumba yonse. Sindingapemphe kuti akonze zinthu zomwe sindinazione."

Mayi a Kanyerere anakhala pabedi n'kukokera kamwana kawo kaja pachifuwa.

"Watigulitsa mwana iwe," anatero apampando.

Kanyerere misozi inalengeza m'maso. Ankaona ngati khonde lonse likumuloza chala.

Injiniya atayamba kutsika, telala wa pansanjika ya pamwamba pawo, bambo wosakonda zolankhula, anatsokomola.

"Amayi, musatsike kaye," anatero. "Kwanganso ndapachika nsalu pakhoma. Tiyeni mukaone."

Mayi wina wa khomo loyandikana anazengereza pang'ono, kenako naye anatsegula chitseko chake n'kuchisiya chosatseka.