Mtima wa Timababu Khumi ndi Tiwiri

Vailet ankakonza mawailesi ndi zipangizo za sola m'kashopu ka amalume ake ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Lachiwiri lina m'mawa munalowa mnyamata wamtali, pepala lokwinyika lili kumanja.

"Odi asisi! Ndine Goodson, ndangoyamba kumene maphunziro a zamagetsi. Ndawotcha timababu titatu lero lokha. Chithunzi cha mawayachi chandizunguza mutu!"

Vailet anaseka. Anatenga bredibodi, kabolodi koyera ka timabowo kamene amalumikizirapo mawaya popanda kuwotcherera.

"Taonani. Mzere wokhotakhotawu ndi rezisita, imachepetsa mphamvu kuti kababu kasapse. Inu munaidumpha. Pamene mizere yakumana ndipo pali kadontho, mawaya agwirana. Popanda kadontho, angodutsana."

"Nanga timabowoti?"

"Tisanu ta pamzere umodzi ndi togwirana kunsi. Mwendo wautali wa kababu upite ku pulasi, mbali ya batire yolembedwa +. Tayesani."

Goodson analumikiza batire. Kababu kanayaka, kofiira psuu!

"Kayaka! Koma maso anuwa, asisi, akuwala kuposa kameneka."

"Tasiyani macheza, tiyeni pa china," anatero Vailet, koma kumwetulira kunamupulumuka.

Mwezi usanathe, "asisi" anali atasanduka "Vai wanga". Foni sinkapuma ndi mauthenga a Goodson.

"Duwa langa, popanda iwe ndikanabwerera kwathu ku Madzimoyo kukalima thonje."

"Ndikangokhoza mayeso, ankhoswe anga adzafika kwanu ku Chiparamba. Ndalumbira!"

Mtsikana wanji sakanakhulupirira? Vailet anauza ngakhale amayi ake.

Mu Febuluwale Goodson anabwera ndi chithunzi chovutirapo: timababu khumi ndi tiwiri tothwanimathwanima, toikidwa mooneka ngati mtima. Anati ndi ntchito ya kusukulu. Vailet anangomwetulira chamumtima. Tsiku lake lobadwa linali pafupi, nanga mphatso imaululidwa?

Masana atatu anagwira limodzi. Waya wofiira utawathera, Vailet anadula wachikasu wa m'wailesi yakale n'kuupinda bwinobwino ndi zala zake.

Tsiku lobadwa linafika, linapita. Kunangobwera uthenga: "Ndatanganidwa, wokondedwa. Tionana."

Sabata yotsatira m'shopu munalowa mtsikana wansangala, atanyamula kabokosi ngati mazira.

"Asisi, ndine Fortunate. Kanthu aka kasiya kuthwanima. Chonde kakonzeni mosamala, anandipangira yekha bwenzi langa. Tikumanga ukwati mu Epulo!"

Vailet anatsegula. Mtima uja! Ndi waya wachikasu uja, wopindidwa mmene anaupindira iye mwini. Zoona? Maola onse aja ankapangira mnzake mphatso?

"Dzina lake ndani bwenzi lanulo?"

"Goodson. Ndi wanzeru kwambiri, palibe anamuphunzitsa!"

Vailet anapuma mozama. Anaona mwendo wa rezisita umene unazuka, n'kuubwezera m'bowo lake. Timababu tinayambanso kuthwanima. Kenaka anatulutsa foni yake n'kuiika patebulo.

"Khalani pansi, mchemwali. Werengani mauthengawa musanasoketse diresi."

Fortunate anawerenga, misozi ili mbwembwembwe. Asanamalize, pakhomo panamveka likhweru.

"Vai wanga, ndabwera ndi chithunzi chi..."

Goodson anaima pakhomo. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo.

"Ndikhoza kufotokoza, duwa langa!"

"Duwa liti?" anafunsa Fortunate ataimirira. "Tilipo awiri muno."

Goodson anangoika pepala lake patebulo.

Mtima wa Vailet unkawawa ngati bala lothiridwa mchere, koma mawu ake sanagwedere. Anatenga pepala limene mnyamatayo anabweretsa, analiyang'ana kamodzi, n'kumubwezera.

"Ndi losavuta ili. Mayeso ndi Lolemba, eti? Kaliwerenge wekha, Goodson. Kunja kuli makasitomala akundidikira."