Kadzidzi wa Mumkungudza

Linnea atafika kuseri kwa sukulu, anapeza magalimoto atandandalika mpaka kumsewu.

Dzulo lake, mumkungudza wa pamenepo, anaona kakadzidzi ka kunkhalango za kumpoto, kosaposa chibakera, kali mtulo. Mbalame zina zambiri zinali zitathawa kale kuzizira kwa Novembala. Bambo ake, a Rautio, anakhala akufunafuna kadzidzi wa mtundu umenewu kuyambira ali mnyamata, ndipo tsopano maso awo anali kuchita khungu. Adokotala anali atanena kuti pofika chaka chamawa sadzaonanso. Atamva nkhaniyo anaseka ngati mwana, nalonjeza kuti mawa aweruka msanga.

Lamulo la okonda mbalame Linnea ankalidziwa bwino: pogona kadzidzi saulula. Koma m'kalabu yawo munali Corwin, mnyamata wapakamwa, amene ankamunena kuti maso ake amangoona akhwangwala. Linnea anatumiza chithunzi cha kadzidziyo pagulu lawo la pafoni kuti amutseke pakamwa. Sanaganize za mpanda wa sukulu umene unkaoneka kumbuyo.

Tsopano anthu anali atazinga mtengowo ndi makamera. Corwin anamuuza, maso ali pansi, kuti bambo wina anathyola nthambi kuti ajambule bwino. Kadzidziyo anadzidzimuka n'kuuluka dzuwa likuswa mtengo, akhwangwala n'kumuthamangitsa mpaka kutsidya kwa msewu. Palibe anamuonanso.

Anthu atabalalika, a Rautio anatulukira akupapasa njira ndi phazi, magalasi oonera patali ali m'khosi. Iwo anakweza magalasiwo, nayang'ana nthawi yaitali pa mfundo yotuwa ya pathunthu.

"Ndi ameneyo, eti mwanawe?" ananong'ona. "Taona kufatsa kwake."

Kungoti inde kunali kosavuta, ndipo akanapita kunyumba akumwetulira.

"Ndi mfundo ya mtengo, ababa. Wathawa. Ndinatumiza chithunzi pagulu."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama. Anangofunsa kuti kadzidziyo anali pati. Linnea anawagwira dzanja n'kuliika pa nthambi yothyokayo, utomoni ukadali wauwisi. Anaisisita pang'ono, chipale chofewa chitayamba kuwaza.

Kenaka anavula magalasi aja n'kumuveka m'khosi.

"Sunga ndiwe," anatero. "Ine ndamaliza nawo."