Kabatani Kam'khosi

Tesita anatuluka mochedwa kwa kasitomala tsiku limenelo, ndipo cholakwa chinali pakamwa pake pomwe. Ntchito yoika alamu inatha dzuwa likadalipo, koma munthu ameneyu akapeza womumvetsera, eee, amaiwala kuti ali ndi kwawo. Dzina lakelo anamupatsa anzake chifukwa cha kachitsulo koyezera magetsi kotchedwa tesita, kamene sikankachoka m'thumba la malaya ake. Pofika pa siteji anapeza minibasi zaweruka, magetsi azima tauni yonse, foni yake nayonso yathima.

M'chikwama munali batire latsopano la amayi ake. Mayiwo ankakhala okha, miyendo inkawavuta, ndipo ankagwa kawirikawiri. N'chifukwa chake iye anawaikira alamu, n'kuwaveka kabatani m'khosi koti akagwa adine, aneba amve. Alamu yotere magetsi akazima imadalira batire, ndipo batire likakalamba silisunganso moto ngakhale ulitchaje tsiku lonse. Kabokosi kake kamangolira tii... tii... kudandaula. Ka amayi ake katayamba kulira choncho, iwo anati, "Iwe, chinthu chakochi chikundisowetsa tulo." Ndiye katswiri wathuyu anatani? Anangozula waya wa batire, amvekere abweretsa lina mawa. Mawa lakelo linatha sabata, ndipo lero magetsi kunalibe. Amayi ake atati agwe usiku uno, alamu singalire. Tesita anachita mantha, anachitanso manyazi, n'kuuyamba wapansi.

Anawoloka kamlatho, n'kulowa msewu wachidule wa nyumba za mipanda. Mdima unali bii. Ngakhale galu wouwa panalibe.

Tii...

Anaima. Kulira kumeneko ankakudziwa ngati chifuwa cha mwana wake. Kunkachokera m'nyumba ina ya udzu wofika m'chiuno, geti lake ladzimbiri lili pululu.

"Mwanangu."

Pageti panaima mayi wachikulire, wovala zogonera, wopanda nsapato. Dzanja lake linali pachifuwa, litafumbata kanthu kolendewera pachingwe.

"Si iwe wa ma alamu? Ndakhala ndikudina. Sakubwera."

"Pepani mayi, ndikuthamangira kwa amayi anga. Ndibwera mawa."

"Mawa," anabwereza mayiwo motsitsa, ngati akulawa mawuwo. "Ungoona kokha."

Akanapitirira. Koma mawu aja anali otopa ngati a amayi ake, ndiye chisoni chinamugwira. Anayatsa katochi n'kuwatsatira. M'nyumbamo munkanunkha chinyezi. Mipando inali yofunditsidwa nsalu. Fumbi la pansi linkalemba mapazi ake bwinobwino, koma iye maso anali pakhoma, kufuna kabokosi.

Anakapeza pamwamba pa chitseko cha kubafa. Atakatsegula anangoti kukamwa yasa. Batire linali lotupa mimba, long'aluka pambali, mitu yake itachita ufa woyera. Waya wofiira ankalendewera, wozulidwa. Limeneli linafa kalekale. Anagunditsa kachitsulo kake pa waya wa magetsi. Zii.

Tii...

Kabokosi kopanda moto uliwonse... kakulira!

"Uli nalo lina m'chikwamamo," anatero mayi aja kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, mpweya wawo wozizira ukumugunda m'khosi. Iye sanawauzepo za chikwama. "Ndibwereke. Ilire kamodzi kokha, mwana wanga amve."

"Ndi la amayi anga..."

"Kamodzi kokha."

Anadziuza kuti kamodzi sikangathe moto. Anachotsa lakufalo. Anaika latsopano. Waya wakuda. Kenako wofiira. Kumbuyo kwake kunamveka kuti kha!

Mayo! Alamu inakuwa ngati munthu. Mawindo ananjenjemera, fumbi linayoyoka kudenga. Sinasiye. Kha! Kha! Kha! Chala chinkangodinabe. Tesita anagwira batire kuti alizule, koma linamuwotcha. Anatembenuka kuti awauze asiye.

Panalibe munthu.

Tochi inaunika pansi. Mapazi olowa anali a munthu mmodzi. Ake.

Kukuwa kuja kunayamba kufooka, kunasasa, kenako kunatheratu. Anatsomphola batire n'kuthawa, kugunda mipando, kupunthwa pakhonde, mpaka kukagwera m'manja mwa mlonda wa nyumba yoyandikana, amene anabwera ndi chibonga.

"Wakuba iwe! Ukutani m'menemo?"

"Ayi achimwene, ndine wa ma alamu. Andiitana mayi a m'nyumbamu."

Mlonda anatsitsa chibonga pang'onopang'ono. Anamuunika kumaso, n'kuunikanso nyumbayo.

"Mayi ake ati? Muno simukhala munthu, magetsi anadula kale. Mayi a muno anamwalira zaka zapitazo, ine ndili pompano. Anaterereka kubafa usiku ngati uno, magetsi atazima. Tinawapeza patapita masiku, kabatani kali m'manja, chala chili pomwepo. Ife sitinamve kanthu, bambo. Mwana wawo yemwe ndiye anazula waya, ati kabokosiko kankasokosa."

Tesita anagwada pamsewu pomwepo, n'kutulutsa mita yake yoyezera moto wa batire, n'kugunditsa timawaya pa batire la amayi ake. Singano sinasunthe. Anatembenuza, anayesanso. Batire latsopano, lochoka m'katoni m'mawa womwewo, linalibe ngakhale kadontho ka moto.

"Bambo, mukulira chiyani?" anafunsa mlonda.

Iye anali ataliyatsa kale liwiro. Chikwama anachisiya pomwepo. Anadutsa misewu yamdima akupemphera mokweza ngati wamisala, mpaka anafika pakhomo pa amayi ake n'kuyamba kumenya chitseko ndi manja onse awiri.

"Amayi! Ndine! Tsegulani!"

Palibe anayankha. Anaika khutu pachitseko, atagwira mpweya. Mkatimo, chapansi penipeni, chala chotopa chinkadina kabatani, ndipo alamu inali chete.