Thumba Lomaliza Mufiliji

Pamene ambulansi inkafika pachipatala chachikulu, Raisa anali atasiya ngakhale kulira. Saumu anamunyamula pamiyendo ulendo wonse kuchokera ku Chiringa, ndipo ankangomva kamtima ka mng'ono wakeyo kakugunda ngati ka mbalame yogwidwa pa ulimbo. Mayi awo anakhala pambali, milomo ikugwedezeka ndi pemphero losamveka.

Raisa anali ndi zaka zinayi. Malungo anamugwira Lachisanu, ndipo pofika Lolemba m'mawa zikhatho zake zinali zitayera mbuu. Dokotala anamukoka chikope cha m'munsi, n'kupukusa mutu. Anauza mayi kuti malungo amaliza magazi m'thupi mwa mwanayo, choncho ayenera kuikidwa magazi dzuwa lisanapendeke. Mayi anavomera msanga. Koma Saumu anagwidwa ndi mantha.

Bambo ake a Saumu, a Bwanali, ankazinga mbuzi pamsika wa Chiringa. Saumu anakula akuona mmene magazi amachitira akatuluka m'thupi. Pasanathe mphindi zingapo amaundana, pofika masana amada n'kuyamba kununkha. Ndiye mwezi wapitawo, anthu otolera magazi atabwera kusekondale kumene ankaphunzira Fomu 3, Saumu anafunsa anzake kuti magazi oundana msanga chotero angasungidwe bwanji mpaka wodwala atapezeka. Anati nkhani yothandiza odwalayo ndi yongonamizira, magaziwo ali ndi kwina kumene amapita. Anawakumbutsanso za mphekesera ya anamapopa imene inazunguza dera lawo iwo ali aang'ono. Saumu anali wa pakamwa pokoma, ndipo anzake ankamumvera. Mwa ana makumi asanu amene analembetsa mayina, amene anapereka magazi anali asanu ndi awiri okha. Enawo anazembera m'minda ya nandolo kuseri kwa sukulu.

Tsopano magazi osungidwa omwewo ndi amene ankati alowe m'thupi mwa Raisa.

Namwino anapatsa Saumu kabotolo ka magazi a mwanayo pamodzi ndi kapepala, n'kumuuza kuti athamange nazo kulabotale. Kumeneko anapeza mayi wovala chikhoti choyera, dzina lawo a Magret. Iwo anayeza magaziwo kuti adziwe gulu lake, kenako anatsegula filiji yaikulu ya pakona. Saumu anasuzumira pawindo lolandirira zinthu. Mashelefu onse anali mbee, kupatula kathumba kamodzi kofiira moderako. A Magret anakanyamula n'kupuma mozama, amvekere mwanayo ali ndi mwayi chifukwa gulu lake likugwirizana.

Maso a Saumu anagwera pa tsiku lolembedwa pathumbapo. Anawerengetsa ndi zala. Magaziwo anaperekedwa masabata asanu apitawo.

"Mayi, chonde musamuike mng'ono wanga magazi amenewo," anatero Saumu. "Ndi akalekale. Anaola."

A Magret sanakwiye, ngakhale anali pa changu. Anadontheza magazi a Raisa ndi a m'thumbamo mukabotolo kamodzi kuti aone ngati akulolana, ndipo podikirapo anatenga thumba lina lopanda magazi n'kulikweza kuwala. Mkati mwake munali timadzi toyera ngati ta pamjigo.

"Ukuwaona madziwa? Magazi a munthu sagwera m'thumba louma. Muli mankhwala amene amaletsa kuundana. Kenako amapatula maselo ofiira, aja amanyamula mpweya m'thupi, n'kuwathira madzi ena okhala ndi shuga, mchere ndi zina zowalimbitsa. Maselowo ndi amoyo, mwanawe. Amadya shugayo pang'onopang'ono ali mozizira, ndipo amatha kudikira wodwala masabata asanu ndi limodzi. Awa atsala ndi sabata yathunthu."

Saumu anafunsa ngati sangamupweteke mwanayo. A Magret anati akanakhala oonongeka mtundu wake ukanasintha, ndipo iwo sakanalola kuti atuluke pakhomopo. Anamuuza kuti abwerere kwa mayi ake.

Mawuwo anamveka bwino, koma mantha sanachoke. Namwino atapachika thumba lija pachitsulo, Saumu anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pa kapaipi. Dontho lililonse ankalilondola mpaka kulowa padzanja la Raisa. Mwanayo akangotsokomola, iye ankadzidzimuka n'kuimirira. Nthawi ina Raisa anagona duu osagwedezeka, Saumu n'kuika khutu pamphuno pake kuti amve ngati akupuma. Namwino ankabwera kawirikawiri kudzayeza kutentha kwa thupi. Mayi anamupatsa chinangwa chophika chimene anamanga pansalu, koma iye anangochiika pambali.

Thumba litatsala pang'ono kutha, cha m'ma thiri koloko, Raisa anatsegula maso. Anayang'ana denga, anayang'ana mayi ake, kenako ananena motsitsa kuti akufuna madzi. Milomo yake inali itayamba kubwerera mtundu. Mayi anaphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka, akuyamika Mulungu.

Saumu akutsuka kapu panja, anaona mayi wina akulowa mothamanga, mapazi ali fumbi lokhalokha, mwana kumbuyo mutu uli lendee. Anali a Rozaria, ochokera kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mwana wawo Eric anamugoneka pabedi loyandikana ndi la Raisa. Dokotala anamukoka chikope monga anachitira m'mawa muja, n'kupukusanso mutu. Saumu anaona zikhatho za mwanayo, ndipo anadziwa zonse asanauzidwe. Anadziwanso mmene filiji ija inalili.

Anathamangira kulabotale, n'kupinda mkono wa diresi lake pawindo paja. Anati ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi wamphamvu, amuchotse magazi pompo apatse mwanayo. A Magret anamuyang'ana mwachisoni. Anafotokoza kuti magazi sachoka pamkono uwu n'kulowa pamkono uwo. Amayenera kuyezedwa kaye ngati alibe matenda, ndipo Eric sakanatha kudikira zonsezo.

"Magazi opulumutsa munthu lero amakhala kuti anaperekedwa masabata apitawo," anatero. "Mwezi wathawu tinkadalira ana a sukulu. Koma otolera magazi anabwerako ndi matumba opanda kanthu. Akuti kusukulu ina ana anathawira m'minda."

Kunja ambulansi yopititsa Eric ku Blantyre inaliza injini. Anaona a Rozaria akukwera, atamufungatira Eric, akufunsa dalaivala mobwerezabwereza ngati ku Blantyre n'kutali kwambiri. Dalaivalayo anatseka chitseko, galimoto n'kutuluka pageti mwaliwiro.

"Kodi akafika ali moyo?" anafunsa Saumu.

A Magret anati sakudziwa, ndipo nthawi zambiri samva n'komwe mmene zathera.

Saumu anagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri. Akanatha kubwerera kuwodi osanena kanthu, pakuti panalibe amene ankadziwa. Koma sanachoke.

"Sukulu imeneyo ndi yathu," ananena mutu uli pansi. "Amene anawathawitsa ana aja ndine."

Saumu ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo mumtima ankafuna kuti amukalipire ndithu. Koma a Magret anangomufunsa kuti anawauza chiyani anzakewo. Iye anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za anamapopa, misozi ikugwera pasimenti.

A Magret anatsegula kabati n'kutulutsa thumba lopanda magazi limene masiku ake anali atadutsa kale, timadzi take tili momwemo. Analemba nambala ya foni ya otolera magazi papepala, n'kumupatsa zonse ziwiri. Anati pepalalo akapereke kwa aphunzitsi aakulu, koma thumbalo akalionetse yekha kwa anzake.

"Adzandiseka," anatero Saumu.

"Adzakuseka kumene."

Saumu anapukuta maso ndi mpango wake. Anabwerera kuwodi atagwira thumbalo pachifuwa. Raisa anali atakhala tsonga, akudya nthochi. Bedi loyandikana nalo linali lopanda munthu, namwino akuchotsapo nsalu. Saumu anakhala pansi pakati pa mabedi awiriwo, n'kufunsa mayi ake ngati angamulole kubwerera ku Chiringa mawa m'mamawa, kuti akafike kusukulu belu la asembule lisanalire.