Fulasiki Yopanda Madzi

Mlongo wanga Walter analera mwana wake Yamandú m'nyumba yoopa Mulungu kuno ku Rocha. Lamulungu akachoka ku misa ankasewera makhadi pakhonde, kubetchera nyemba, chikho cha tiyi wathu wowawa wa yeriba chikuzungulira. Kuno wogwira fulasiki amathirira aliyense, ndipo kumana mnzako chikho n'chamanyazi.

"Makhadi akaipa, taya, udikire," ankatero Walter. "Ndipo patebulo uziikapo zako zokha."

Mwanayo anakula ndi mutu wakuthwa pa masewera a makhadi otchedwa poka, mpaka anapata mpando pa mpikisano waukulu wa masiku atatu ku Punta del Este. Anthu mazana asanu! Ine azakhali ake ndinalengeza msika wonse.

Kumeneko anakumana ndi Gastón, mnzake wa pakamwa pozuna.

"Aise, kudikira n'kwa madala. Taona izi." M'dzanja mwake munali timapulasitiki tisanu takuda tobetchera, timene anazembetsa pa mpikisano wina wa pahotela yomweyo.

"Akandigwira sindidzaseweranso moyo wanga wonse," anatero Yamandú.

"Akugwire ndani? Taya madziwo, ubise m'fulasiki. Dziko lino ndani anasechedwapo fulasiki? Ngakhale wansembe amayenda nayo m'khwapa! Zikathina ungotulutsa. Inenso ndili nato."

Yamandú anataya madzi aja.

Kuyambira pamenepo nzeru za bambo ake anazikankhira kumbali. Adikirirenji pamene chipulumutso chili m'khwapa? Makhadi abwino, oipa, iye kumangobetcha, matama ali tho. Mkulu wina waimvi amene anakhala naye pafupi atapempha chikho, anamuyankha kuti, "Madzi azizira, madala." Pofika masana a tsiku lachiwiri, mulu wake wa timapulasitiki tobetchera unali utasungunuka. Pa nthawi yopuma anatuluka, dzanja lili pachitsekero cha fulasiki, ndipo anangoti gululu ndi ife. Ine ndi bambo ake tinali titabwera pa basi ya m'mawa kudzamuchemerera.

"Mwanawe, kukhosi kwauma," anatero Walter. "Thira."

Walter anatenga yekha fulasikiyo n'kuipendeketsa pachikho. Madzi osatuluka, m'kati mukungomveka gobedegobede. Anatsegula, nasuzumira. Nkhope yake sindidzaiwala, ndipo ine misozi inayamba kutsika.

"Waikapo kale patebulo?" anafunsa Walter.

"Ayi, Bambo. Ngakhale kamodzi."

"Ndiye dzina ukadali nalo. Kwatsala mphindi khumi kuti masewera ayambirenso."

Yamandú anapita kwa mayi woyang'anira mpikisano, nakhuthula timapulasitiki tonse tisanu pamaso pake, naulula. Mayiyo anati:

"Kamodzi kakanangokhudza tebulo langa, sukanagwiranso khadi m'dziko lino. Khala panja ola lathunthu."

Alonda anayamba kutsegula fulasiki iliyonse, chinthu chimene sichinaonekepo. Gastón, amene anali ataika kale titatu patebulo, anamutulutsa anthu akumukuwiza.

Yamandú anabwerera ndi kamulu kokwana m'dzanja limodzi. Anataya makhadi, anatayanso, maulendo makumi awiri, mpaka ena kumuseka kuti, "Mwabwera kudzaonerera, achimwene?" Kenako anagwira makhadi amphamvu, mafumu awiri, nakankhira zonse pakati. Anadya! Anadikiranso, nadyanso. Amene ankaseka aja ananyamuka mmodzimmodzi, iye ali pompo, phee. Tsiku lachitatu anakhala pa tebulo lomaliza, ndipo pa anthu mazana asanu anamaliza wachiwiri. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, osasamala zoti ndili mu hotela ya anthu olemera.

Inu achinyamata, imvani. Tchimo limayamba kukuwonongani musanalichite n'komwe, mukangolisunga pafupi kuti mwina lidzakuthandizani. Mwana wathuyu anapulumuka ndi mphindi khumi zokha. Gastón sanazipeze, ndipo mpaka lero palibe tebulo limene amamulola.

Anthu akujambula zithunzi, Walter anapita kukhitchini ya hotelayo kukapempha madzi otentha. Anadzaza fulasiki ija n'kuipereka kwa mwana wake. Yamandú anafunafuna m'khamumo mpaka anapeza mkulu waimvi uja, namupatsa chikho ndi manja awiri.

"Imwani, Bambo," anatero. "Tsopano ndi otentha."